Thandizo Lifike Mvula Isanagwe

Inu achikumbe, kumbukirani chilala cha 2024, pamene Boma linalengeza za tsoka m'maboma 23 mwa 28. Chimanga chinauma chisanakhwime, ndipo njala siinalekere kumudzi. Inafika ku Mgona, ku Chinsapo ndi ku Kawale, kumene anthu adya chogula.

Kupereka ndalama Boma likudziwa. Mu 2021, pa mliri wa Covid-19, mabanja ena osauka a m'mizinda analandira K35,000 pamwezi. Tsono ife tikuti mlimi wogwa m'tsoka alandire zake mu Okutobala, kuti agule mbewu ndi feteleza. Ndalama zofika mu Febuluwale zingothera pa ufa, mmera utachita kale chikasu, ndipo wa ku Biwi adzagulanso chimanga chodula chaka chinacho.