Za Munthu Amene Anafika Pambuyo pa Onse

Ndapempha malo pang'ono m'magazini athu ano kuti ndinenepo za masewera amene ambiri a ife sitidzawachita moyo wathu wonse. Masewera ache ndi aja a m'nyengo yachisanu, otchedwa Winter Olympics, amene anayamba m'chaka cha 1924 ku Chamonix m'dziko la France. Wina adzati, "Nanga ife a ku Chiradzulu zitikhudza bwanji?" Dekhani, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyamba tidziwe chimene amasewerapo. Kuno kwathu tikati kwazizira ndiye kuti ndi June kapena July, chiperoni chagwa, phiri la Chiradzulu labisala m'nkhungu, ife tiri kunjenjemera pa mzere wa phala. Koma ku maiko a kumpoto mvula imagwa itauma, yoyera ngati ufa, niunjikana pansi miyezi ingapo yosasungunuka. Chimenecho ndicho chipale chofewa. Munthu akapondapo amatitimira monga m'matope a m'dambo. Chifukwa chache amamanga ku mapazi timatabwa tiwiri tatitali totchedwa ski, natenga ndodo ziwiri m'manja, namayenda chotsetsereka.

Dziko lathu la Malawi linayamba kupita ku Olympics ya nyengo yotentha mu 1972 ku Munich, ndipo kufikira ya ku Paris mu 2024 silinatengeko mendulo. Ku masewera a pachipale, kufikira a ku Beijing mu 2022, silinatumizeko munthu ndi mmodzi yemwe. Maiko ena a mu Afrika anatumizako, koma kufikira chaka chomwecho palibe limene linabwerako ndi mendulo. Pamene Norway, dziko limene anthu ache sakwana gawo limodzi la magawo atatu a anthu a m'Malawi, linatenga mamendulo 37 ku Beijing kokhako, ndipo 16 mwa iwo anali agolidi. Izi sitingazibise. Ana a ku Norway amayamba kuvala ski akali aang'ono, monga ife tiyamba kumenya mpira wa mapepala pabwalo.

Tsono imvani za munthu wa ku Kenya, dzina lache Philip Boit. Iyeyu anali wothamanga liwiro la mamita 800, wa m'banja limodzi ndi Mike Boit amene anatenga mendulo yamkuwa ku Munich mu 1972. M'chaka cha 1996 kampani yopanga nsapato ya Nike inamtenga pamodzi ndi mnzache Henry Bitok kupita nawo ku Finland, kuti akaone ngati anthu odziwa liwiro angadziwenso ski. Boit anali asanapondepo pa chipale chibadwire. Anaphunzira zaka ziwiri zokha, ndipo pa 12 February 1998 anaima pa mzere ku Nagano m'dziko la Japan, munthu woyamba wa ku Kenya kulowa m'masewerawa. Mpikisano wache unali wa makilomita 10, wokwera ndi kutsika zitunda, ndipo dzina lache ndi lomwe lija tilidziwa ife, cross-country.

Tsikulo kunagwa mvula ndipo njira inaipa. Anapambana ndi Bjørn Dæhlie wa ku Norway, katswiri amene pa moyo wache anatenga mamendulo 8 agolidi ku Olympics. Iye anatha ulendowo m'mphindi 27 ndi theka. Boit anafika patapita mphindi zina 20, pa nambala 92, ndipo pambuyo pache panalibe wina wofika. Komatu chodabwitsa ndi ichi: Dæhlie sanafulumire kukalandira mendulo yache. Anakhala pompo pa mzere womalizira kudikira munthu wa ku Kenya uja, ndipo atafika ali wefu-wefu anamgwira namkumbatira. Boit atabwerera kwao, mkazi wache anabala mwana wamwamuna, ndipo anamutcha dzina lache Dæhlie.

Taganizani mphindi 20. Ndi theka la phunziro limodzi la Masamu, ndipo tonse tidziwa kutalika kwache. Munthu watopa, thukuta liri kumuzizirira m'thupi, akulu-akulu a mwambo ali kumuyembekeza, koma iye aima ndithu chifukwa cha mlendo amene sangampindulire kanthu.

Alipo ena amene anadandaula nthawi imeneyo kuti a Nike anangofuna kutsatsa malonda ao, nasandutsa mwana wa mu Afrika chinthu choseketsa. Mau amenewa sindiwakana onse, pakuti kampani siitaya ndalama zache chabe. Koma taonani chimene chinachitika pambuyo pache. Nike inasiya kumthandiza mu 1999, ndipo iye sanaleke iai. Anapitanso ku Salt Lake City mu 2002, kumene pa mpikisano waufupi anafika pa nambala 64 nasiya anthu atatu m'mbuyo mwache. Mu 2006 anapitanso ku Turin. Munthu wongotumidwa kutsatsa nsapato akadabwerera ku ng'ombe zache tsiku lomwe malipiro anatha.

Enanso anatsata. Luke Steyn anaimira Zimbabwe ku Sochi mu 2014 nafika pa nambala 57 pa mpikisano wotsika phiri mokhota-khota. Mu 2018 ku PyeongChang atsikana a Nigeria, wotsogolera wao Seun Adigun, analowa mpikisano wa bobsleigh, ndiko kukwera kangolo kopanda mawilo kamene kathamanga pa madzi oundana koposa galimoto ya pa mseu wa ku Zomba. Poyeserera anayamba ndi kangolo kamatabwa kokhoma okha. Naonso anafika pambuyo pa onse. Koma tinene zoona: Steyn anachoka ku Harare ali mwana nakulira ku Ulaya, ndipo atsikana aja anabadwira ku Amereka. Nambala zao sizitiuza zambiri za ana okulira ku Harare kapena ku Lagos.

Chifukwa cha ichi ine sindiri kunena kuti Boma litenge ndalama litumize wina wa ife ku Finland. Iai ndithu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama zotumizira munthu mmodzi ku chipale zikhoza kugula mipira ndi nsapato za masukulu ambiri a m'boma lino. Mamendulo atatu amkuwa amene Malawi anatenga ku Commonwealth Games mu 1970 ndi 1986 anachokera ku nkhonya. Atsikana athu a netibolo anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 ku Gold Coast mu 2018. Ndipo ngati tifuna zitunda, phiri la Mulanje tiliona ndi maso kukacha bwino; kumeneko kuli mpikisano wa Porters' Race, wa makilomita opitirira 20, woyambira pa Likhubula kukwera phiri ndi kutsikanso. Amene akhumba kutchuka ayambire kumeneko.

Chimene ndifuna kuti titengeko ku Nagano sichilira ndalama, ndipo chikhudza cross-country yathu ya pasukulu pano. Anzanga, tisanamizane. Tsiku la mpikisano timanyamuka chigulu, pfumbi koboo! Koma pofika ku mzere womalizira tachepa. Ena aja apita kuti? Munthu akangoona kuti khumi amdutsa, msanga agwira mwendo nati mtsempha wakoka. Wina apatukira m'munda wa nandolo, wina akhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo abwera madzulo ali kutsimphina mwendo wina, osati uja anagwira poyamba. Sindiwadzudzula kwambiri, pakuti ndidziwa chimene aopa. Aopa ife oonerera. Oyamba atatu akangolowa timaomba m'manja, mphoto ziperekedwa, mbendera zizulidwa. Tsono kamnyamata ka Fomu 1 kamene kapirira njira yonse kafika bwalo liri kuphwasuka, ndipo amene atsalapo akalandira ndi chiphwete ndi maina achipongwe amene adzakakhala mpaka Fomu 4. Kodi chaka chamawa kadzathamanganso? Ndi atsikana ndiye chinanso: ambiri salembetsa n'komwe, poopa pakamwa pa anyamata.

Potero timataya othamanga tisanawadziwe. Mwana wa zaka 14 wofika pambuyo lero akhoza kukhala woyamba akadzakula, koma sitidzadziwa ngati tamthamangitsa ndi kuseka. Ndipo pepala la zotsatira lokhala ndi maina atatu okha silithandiza mphunzitsi wamasewera kuona amene ali kukwera chaka ndi chaka.

Tsono ndipempha aphunzitsi athu ndi akapitawo a masewera zinthu ziwiri. Choyamba, yense womaliza mpikisano alembedwe dzina, nambala ndi nthawi yache, ndipo pepalalo likhomedwe pa bolodi la zidziwitso lathunthu, kuti wa nambala 60 chaka chino adziwe chimene ayenera kuchiposa chaka chamawa. Chachiwiri, mphoto zisaperekedwe kufikira wotsiriza atalowa, ndipo wopambana aime pa mzere kumlandira ndi dzanja. Nyumba iri yonse ipatsidwe malikisi pa munthu ali yense womaliza, kuti akapitawo aleke kutsinzinira aja a m'munda wa nandolo.

Ndamva kale wina ali kuti, "Nanga belu la chakudya?" Inde, tidzachedwa mphindi 20 kapena 30. Ophika athu akauzidwe m'mawa kuti tsiku limenelo atereke nyemba mochedwerapo.

Wophunzira wa mu Fomu 3