Sitika yakale pagalimoto si litsiro

Galimoto ikasuluka utoto, mwini wake amathamangira nayo kwa openta. Kumeneko choyamba kugwidwa sichikhala chitseko chopindika kapena bampala yolendewera ayi, koma timasitika ndi tizizindikiro ta kumbuyo. Mnyamata wa pagalaja amatenga kampeni n'kupala zonse, zachitsulo n'kuzitokosa ndi sikuludiraiva, kenaka n'kuziponya kudzala. Pakutha pa sabata galimoto ija imatuluka ikung'anima, koma palibenso angadziwe komwe inachokera.

Izi zimachitika m'magalaja a pa boma pa Mangochi, ku Monkey Bay ngakhalenso ku Namwera, ndipo n'kulakwitsa. Kasitika kolembedwa dzina la kampani yomwe inagulitsa galimoto ili yatsopano ndi mboni, ndipo nthawi zina ndi mboni yokhayo yomwe yatsala mapepala atadyedwa ndi chiswe.

Dera la kunyanja lili ndi galimoto zakale zomwe mizinda inazitaya kale. Chifukwa chake si chikondi cha zinthu zamakedzana, koma ntchito. Usipa wa ku Msaka, utaka wa ku Malembo ndi kambuzi wa ku Malombe zimafuna chonyamulira chomwe sichiopa mchenga, ndipo amene anayendapo ulendo wa ku Makanjira nthawi ya dzinja, kapena kukwera chitunda cha Chowe atasenza matumba, amadziwa chifukwa chomwe Land Rover 109, Peugeot 404 ndi 504, Toyota Stout ndi malole a Bedford zinakhalitsa kuno. Zina zikuyendabe matola. Zambiri zinagona pansi pa mitengo ya mango, nkhuku zikuikiramo mazira.

Kumbuyo kwa galimoto zimenezi ndiko kumapezeka maina omwe achinyamata a lero sanawamvepo. Mobile Motors ndiyo inkagulitsa Toyota lisanabwere dzina loti Toyota Malawi. Stansfield Motors inatchuka ndi Peugeot, ndipo asodzi ankaidziwanso kaamba ka injini za Yamaha za maboti. Panalinso Halls Garage ku Blantyre. Koma dzina lolemera kuposa onse ndi Mandala.

Kampani ya Mandala inayamba mu 1878 ndi ndalama za amalonda a ku Glasgow, ndipo oyendetsa ake oyamba anali pachibale, John ndi Frederick Moir. Dzina lake la m'mabuku linadzakhala African Lakes Corporation, koma anthu anaitcha Mandala kaamba ka magalasi a m'maso a John Moir omwe ankanyezimira padzuwa. Nyumba yawo ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ilipobe. Kampaniyi inayamba ndi sitima za pa Shire ndi panyanja, ikudutsa pomwe pano Mangochi akutchedwa Fort Johnston, ndipo patapita zaka inalowa m'malonda a galimoto n'kumagulitsa Ford. Choncho kasitika ka Mandala Motors pa Ford Cortina yophwa matayala kamalumikiza galimotoyo ndi sitima zomwe zinkakocheza padoko lomwe lero anthu amaliwolokera pamwamba, pa mlatho wa Bakili Muluzi.

Nkhani ya makampaniwa ili ndi mathero oseketsa. Malonda a galimoto a Mandala anagulidwa ndi CFAO ya ku France, pomwe Mobile Motors inapita m'manja mwa Toyota Tsusho ya ku Japan. Mu 2012 Toyota Tsusho inagulanso gawo lalikulu la CFAO. Omwe kale ankalimbirana makasitomala, wina ndi Ford wina ndi Toyota, anathera m'banja limodzi. Maina akale anachoka pazikwangwani, ndipo komwe akuonekabe tsiku ndi tsiku ndi kumbuyo kwa galimoto za matola.

Wina atha kunena kuti mbiri sadyera nsima. N'zoona, ndiye nkhaniyi iyenera kuonedwanso ndi diso la ndalama.

Banja la pa Makawa kapena pa Namiasi likamagula pikiapu yogwiritsidwa kale ntchito, limakhala latsanulira pamenepo phindu la zaka zingapo za geni ya nsomba, mwinanso ndi ndalama zomwe mwana anatumiza kuchoka ku Joni. Funso loyamba lomwe makaniko wodziwa ntchito amafunsa ndi lakuti galimotoyi inalowa bwanji m'dziko muno. Yomwe inabwera kudzera kwa wogulitsa wovomerezeka kawirikawiri inali yokonzedwera msika wa kuno: masipuling'i olimba, kutalika pang'ono kuchoka pansi, injini yosavuta yomwe sipeya zake zinali m'mashelefu a ku Blantyre ndi ku Limbe. Inzake yooneka chimodzimodzi, koma yopangidwira misewu ya Osaka, itha kukhala ndi zam'kati zosiyana. Sitika ya wogulitsa imayankha funsoli munthu asanatsegule boneti.

Zizindikiro zachitsulo za fakitale nazo zili ndi ntchito. Timalemba ndi timanambala ta pachitseko cha kumbuyo timanena mtundu weniweni wa galimoto ndi kukula kwa injini. Openta akazitaya, mwini galimoto amakafika pa shopu ya sipeya n'kungoti ndi Toyota yoyera, wogulitsa n'kumupatsa chomwe chili pafupi. Kuchoka ku Katuli kukabweza sipeya yolakwika ku Limbe ndi tsiku lathunthu ndi thiransipoti yake.

Mangochi ndi boma lomwe anyamata ambiri amapita ku South Africa, ndipo akabwerera ena amabwera ndi galimoto. Nissan 1400, kapikiapu kaja komwe ena amangokatchabe Datsun, kankapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2008. Sitika ya galaja ya ku Johannesburg kapena ku Durban pagalimoto yotere ikuuza mwini watsopano komwe sipeya zili, ndipo m'bale wokwera basi yochokera ku Joni atha kubwera nazo m'chikwama.

Pali madandaulo awiri omwe anthu opala masitika amapereka, ndipo onse ndi omveka.

Loyamba n'lakuti munthu wagula galimoto ndi ndalama zake, nanga alengezerenji malonda a kampani ina ulele? Funsoli lakula m'zaka zino pomwe misewu yadzaza ndi Sienta, Probox ndi Passo zoitanitsa pa intaneti, zambiri zitamatidwa dzina la Be Forward, kampani ya ku Japan yomwe kwa zaka zingapo inkathandizanso timu ya Wanderers. Apa mwini ali ndi ufulu wonse. Akafuna kuchotsa achotse, palibe lamulo lomukakamiza kukhala chikwangwani choyenda. Koma mfundoyi siigwira pa galimoto ya 1975. Dzina la Mobile Motors silingakope kasitomala aliyense lero chifukwa palibe chitseko cholembedwa dzinali choti munthu akagogode. Phindu lomwe latsala pasitikayo ndi la mwini galimoto yekha.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera: sitika imanama. Ichi sichingatsutsidwe. M'misika muli nyenyezi za Mercedes-Benz zomatidwa pa minibasi za Toyota, muli "4x4" pagalimoto yomwe imatitimira pamchenga wa pakhomo, muli "Turbo" pa Corolla yomwe imalephera chitunda. Zambiri ndi nthabwala chabe za madalaivala, ndipo msewu ukanakhala wosasangalatsa popanda izo. Zimasanduka umbava pomwe wogulitsa akugwiritsa ntchito chizindikiro chabodza pokweza mtengo. Masiku ano makina osindikizira ali m'tauni iliyonse, ndipo kupanga sitika yooneka yakale ndi ntchito ya ola limodzi.

Yankho lake si kupala masitika onse, koma kuwayesa ndi umboni wina monga momwe bwalo la amfumu limachitira ndi mboni. Nambala ya chasisi ndi ya injini ziyenera kufanana ndi zomwe zili mu bulubuku, ndipo dzina la mu bulubukumo likhale la munthu yemwe akulandira ndalamayo. Kusintha umwini kumachitikira ku Road Traffic, osati pansi pa mtengo ndi kalata ya pamanja. Ngati galimoto inachokera kunja, pakhale mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unaperekedwa, ndipo apolisi atsimikize kuti siyobedwa. Munthu wogula galimoto yolowa mozemba amadzailipira kawiri, kapena kuitaya kumene.

Galimoto yokha imathanso kutsutsa sitika yabodza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 makampani ambiri amapereka nambala ya chasisi ya zilembo ndi manambala 17, pomwe galimoto zopangidwira msika wa m'kati mwa Japan zimakhala ndi nambala yaifupi, yokhala ndi kamzere pakati. Zambiri mwa izo sipidomita yake imathera pa 180, ndipo wailesi yake imalekeza pa 90 FM, n'chifukwa chake eni ake amadandaula kuti sakugwira nyumba zambiri zoulutsira mawu. Galimoto yokhala ndi zonsezi koma kumbuyo itamatidwa dzina la wogulitsa wa ku Blantyre ili ndi nkhani yoti ifotokoze. Mwina inangopitako ku sevisi, pajatu magalaja enanso amamata sitika akakonza galimoto. Mwinanso wina akufuna kudya za mnzake.

Sitika yeniyeni yakale siivuta kuizindikira. Dzuwa la Mangochi siliseka ndi utoto, ndiye imakhala yosuluka mofanana ndi malo oizungulira, m'mphepete mwake mutang'aluka. Nambala ya foni yolembedwapo imakhala yaifupi ngati za nthawi imeneyo. Yonyezimira pagalimoto yotuwa ndi yokayikitsa.

Openta nawo ali ndi chifukwa chawo chomwe sichiyenera kunyozedwa. Dzimbiri limakonda kuyambira pansi pa zizindikiro zachitsulo, pa timabowo ta misomali pomwe madzi amakhazikika, ndipo pikiapu yonyamula nsomba za pa ayezi imakhala yonyowa chaka chonse. Kupenta pamwamba pa dzimbiri n'kutaya utoto. Koma kuchotsa chinthu n'kosiyana ndi kuchitaya. Chizindikiro chitha kumasulidwa bwino, kusungidwa m'kachitini, malo ake kupalidwa ndi kupakidwa mankhwala, kenaka n'kubwezeretsedwa utoto ukauma. Sitika ya pagalasi siifuna n'komwe kukhudzidwa, ndipo ya pachitsulo imangofuna kuphimbidwa ndi tepi. Mwini galimoto akapanda kunena zimenezi pogwirizana mtengo, mnyamata wa kampeni uja sangalote.

Palinso chiopsezo chachikulu kuposa openta, chomwe ndi ogula zitsulo zakutha. Iwo amayeza Land Rover pasikelo ngati mapoto obooka. Ku Britain ndi ku South Africa kuli anthu omwe amasakasaka galimoto zoterezi, ndipo amalipira bwino yomwe sinasinthidwe, yokhala ndi zizindikiro zake, kapuleti kake ka fakitale ndi mbiri yodziwika. Izi sizikutanthauza kuti chiphakasa chilichonse cha kuseli kwa nyumba ndi chuma. Zambiri zinaoleratu chasisi ndipo sikelo ndiyo ikuziyenera. Koma banja lomwe lasiyiridwa galimoto ya malemu lingachite bwino kufunsa kaye kwa anthu awiri kapena atatu lisanalole kuti idulidwe, makamaka ngati ikadali ndi nambala yake yakale, ija yoyamba ndi BA kapena BC, ya nthawi yomwe MH asanabwere.

Ngati idulidwa ndithu, zizindikirozo zisapite nawo kung'anjo. Mangochi ali ndi Lake Malawi Museum, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria yomangidwa mu 1903 komanso mfuti ya sitima ya Guendolen. Mbiri ya maulendo a pamadzi ikusamalidwa, ndipo Ilala, yomwe inayamba kuyenda mu 1951, aliyense amaidziwa. Za pamsewu ndizo zikusowa ozitolera: mabasi a UTM, a Stagecoach ndi a Shire Bus Lines omwe ankanyamula anthu a kuno, ndi malole omwe ankafikitsa chambo ku Limbe kusanache. Thabwa limodzi lokhomedwa pakhoma lingakwane zizindikiro zambirimbiri, chilichonse ndi kapepala konena mtundu wa galimoto, chaka chake ndi msewu womwe inkayenda. Amakaniko akuluakulu omwe angathe kuzitchula chimodzichimodzi akadalipo m'magalaja a pa boma, ndipo ena ali nazo kale m'mabokosi a masipanala.