Kapeti ya penti: luso lopulumutsa matabwa akale

Nyumba yakale ya pansi pamatabwa ikapeza mwini watsopano, kawirikawiri ntchito yoyamba imakhala kuzula matabwawo n'kuyala matailosi. Matabwa amene anachokera ku mitengo yokhwima amathera pamoto, chifukwa chongoti asuluka ndipo ali ndi zipsera. M'danga lino mwezi uno tione mmene anthu a ku New England, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America, ankachitira ndi matabwa osaoneka bwino.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1800, kapeti inali katundu wa anthu achuma okha. Mlimi wamba anali ndi matabwa a paini basi. Choncho amisiri oyendayenda ankapita mudzi ndi mudzi atanyamula maburashi, utoto wa ufa ndi masitensulo, omwe ndi mapepala olimba obooledwa m'maonekedwe a masamba, maluwa kapena nyenyezi. Mmisiri ankagoneka pepalalo pathabwa, n'kudinda penti m'mabowomo, kenaka n'kulisuntha. Pakutha masiku ochepa, pansi pa chipinda pankaoneka ngati payalidwa kapeti.

Mmodzi mwa amisiri odziwika a lusoli ndi Moses Eaton Jr. wa ku New Hampshire, yemwe anabadwa mu 1796 n'kumwalira mu 1886. Iye anatchuka makamaka pokongoletsa makoma, ndipo bokosi lake la zida, lokhala ndi masitensulo 78, likusungidwa ndi bungwe la Historic New England. Zokongoletsa zapansi zambiri zinafufutika ndi mapazi, n'chifukwa chake zimene zatsala zimasamalidwa kwambiri. Lusoli linazilala pamene mafakitale anayamba kupanga makapeti otchipa, koma buku la Janet Waring la mu 1937 linathandiza kuti anthu alikumbukirenso.

Njira yake sinasinthe kwenikweni. Yambani ndi kukhomerera misomali yonse yotuluka, kupala matabwa ndi sandipepala, ndi kupukuta fumbi. Pakani penti ya pansi kawiri, ndipo muisiye iume bwinobwino. Kenaka pezani pakati pa chipinda pomanga zingwe ziwiri kuchokera pangodya kufika pangodya ina. Pamene zadutsana ndi pamene pali pakati. Jambulani mizere ndi choko kuchokera pamenepo, chifukwa makoma a nyumba zakale sakhala owongoka, ndipo wotsata khoma amapeza maluwa ake atakhota.

Chinsinsi chachikulu chili pa kuchuluka kwa penti. Burashi iyenera kukhala yongonyowa pang'ono: iviikeni, ipukuteni pansanza, ndipo muzidinda mwachoimirira osati kukwekwesa. Penti ikachuluka imalowa kunsi kwa sitensulo n'kuwononga m'mphepete mwa duwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Konzani ntchito yanu moti mukathere pakhomo, kuopa kudzitsekera pangodya. Zonse zikauma, pakani vanishi kawiri kapena katatu. Dziwani kuti vanishi ya mafuta imachita chikasu pakapita nthawi, pamene yosungunula ndi madzi siisintha kwambiri mtundu woyera.

Pali chenjezo limodzi losayenera kulinyozera. Penti yakale yambiri inali ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa ana aang'ono ndiponso ndi woopsa kwa amayi oyembekezera. Dziko la America linaletsa penti yotere m'nyumba mu 1978, koma m'maiko ena inapitirira kugulitsidwa kwa zaka zambiri. Ngati matabwa ali ndi penti yakale imene simukuidziwa, musaipale youma. Inyowetseni, valani chotchinga kukamwa ndi mphuno, ndipo ana akhale kutali kufikira mutakolopa fumbi lonse.

Amayi a kumidzi kwathu amene amazira pansi ndi kukongoletsa zipupa ndi dothi la mitundumitundu akudziwa kale mfundo imene alimi a ku New England ankatsatira, yoti nyumba imakongola ndi zimene mwininyumba ali nazo pafupi. Choncho musanaitane munthu wodzazula matabwa, gwadani muwayang'anitsitse. Ngati sanafumbwe ndi chiswe ndipo sanawole, zitini zochepa za penti ndi pepala limodzi lobooledwa zingawapatse zaka zina zambiri, ndipo mtengo wina kunkhalango upulumuka.