Chida Chopanga Wekha Si Chamanyazi

Njinga zamoto za kabaza zadzaza m'misewu ya m'Malawi muno, ndipo iliyonse mwa izo tsiku lina idzafuna kuti injini yake itsegulidwe mpaka pakati. Pamenepo m'pamene luso la makaniko limaonekera. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti makaniko amene amadzipangira chida chogawira injini pakati ndiye waluso, kuposa amene amadalira hamala ndi sikuludilaiva.

Poyamba, tiyeni timvetse vuto lenilenilo. Njinga zambiri za kabaza zili ndi injini zotengera ya Honda CG125, yomwe inayamba kupangidwa m'chaka cha 1975. Bokosi losunga kirankishafti ndi magiya limakhala la mbali ziwiri za aluminiyamu. Ngakhale mabawuti onse atamasulidwa, mbalizi sizilekana msanga chifukwa mabering'i amakhala othina komanso gasiketi imakhala itamatirira. Makaniko wopupuluma amalowetsa sikuludilaiva pamsoko n'kuyamba kukhoma. Aluminiyamu ndi wofewa, choncho milomo ya bokosilo imakumbika. Zikatero oyilo amayamba kudontha, ndipo gasiketi yatsopano siithandiza kwenikweni. Wolira ndi mwini njinga, amene mwina akubwezabe ngongole yogulira njingayo.

Chachiwiri, chida choyenera si chovuta kupanga. Pamafunika chitsulo chophwatalala chochindikala mamilimita pafupifupi 10. Pakati pake amaboolapo ndi kuwotchererapo nati yaikulu, momwe mumadutsa bawuti yaitali. M'mbali mwake amaboolamo mabowo atatu kapena anayi olingana ndi mabowo a chivindikiro cha injini. Katoni wodindidwa pa injinipo amathandiza kuyeza. Chitsulocho akachimangirira kubokosi, amapotoza bawuti yapakati kuti izikankha nsonga ya kirankishafti, mbali imodzi ya bokosi n'kumasomphoka pang'onopang'ono. Pansongapo amaikapo kachidutswa ka kopa kuti mazinga asaonongeke. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: makaniko ayenera kupotoza pang'ono, kugogoda m'mbali ndi mtengo, n'kumaonetsetsa kuti mpata ukutseguka mofanana. Bawuti ikauma, ayenera kuima ndi kufufuza ngati pali ina yomwe yaiwalika. Kufunditsa bokosilo kumathandizanso, pakuti aluminiyamu akatenthedwa amafutukuka pafupifupi kawiri poyerekeza ndi chitsulo.

Ena anganene kuti chida chopanga wekha n'choopsa, ndiye kuli bwino kugula cha kufakitale. Mfundoyi ili ndi nzeru yake, chifukwa chitsulo chopyapyala chimapindika, ndipo nati yowotcherera mokhota imakankha kirankishafti chammbali. Komatu yankho lake n'kuphunzira kuchipanga bwino. Chida cha kufakitale chimachokera kunja, ndipo ndalama zakunja zikasowa mitengo imakwera. Makaniko wogwirira ntchito pansi pa mtengo wamango akauzidwa kuti adikire chida chotero, amangobwerera ku hamala yake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

N'chifukwa chake ndikuona kuti bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, pamodzi ndi makoleji a ntchito zamanja monga a Soche, Namitete ndi Nasawa, aike mtima pophunzitsa achinyamata kupanga zida zawo. Wophunzira amene wapanga chidachi amamvetsa komwe mphamvu ikulowera m'injini, zomwe wongogula sangazidziwe msanga.

Pomaliza, ifenso ophunzira chiyankhulo nkhaniyi ikutikhudza. Mabuku okonzera njingazi sali m'Chichewa, pomwe amakaniko amaphunzitsana pakamwa m'Chichewa tsiku ndi tsiku. Tipite m'magalaja, timve mawu amene amagwiritsa ntchito, ndipo tilembe malangizo achidule okhala ndi zithunzi. Tikatero injini zambiri zidzapulumuka, ndipo anthu adzaona phindu la maphunziro athu.