Mankhwala ochenjeza mbewu

Tamvani za BABA, amino asidi amene zomera sizigwiritsa ntchito pomanga mapulotini. Akapoperedwa pa matimati kapena kachewere, sapha yekha tizilombo toyambitsa chiwawu. Amangochenjeza mbewuyo, ngati mlonda wodzutsa mudzi akuba asanalowe, kotero matenda akafika chitetezo chimadzuka msanga.

Chondigwira mtima ndi momwe BABA amathandizira pa chilala. Mu 2005, ofufuza a ku yunivesite ya Neuchâtel ku Switzerland anaona kuti kachomera ka Arabidopsis kopatsidwa BABA kamatseka msanga timabowo ta m'masamba, madzi osathawa. Kenaka zinadziwika kuti zomera zimapanganso BABA pang'ono zokha.

Koma mlingo ukapitirira mbewu zimapinimbira, ndiye ndikufunitsitsa alangizi atapeza muyeso woyenera asanatiuze kuti tipopere m'madimba.