Mtengo wa wosewera umayenda ndi kalendala

M'maligi a baseball a pa intaneti, momwe anthu amayendetsa matimu ngati mabwana pamene kompyuta ndiyo imasewera potengera manambala a luso la wosewera aliyense, ambiri amalimbana ndi funso la amene angamugule n'kuiwala funso la nthawi yomugulira. Pulogalamu ya Out of the Park Baseball, imene Markus Heinsohn anaitulutsa koyamba mu 1999, imatsanzira ligi yaikulu ya ku America ya MLB, yokhala ndi masewero 162 pa chaka, makontrakiti, kukalamba kwa osewera ndiponso tsiku lotsekera msika, lomwe kwa zaka zambiri linali 31 Julaye, ndipo zonsezi zimakweza kapena kutsitsa mtengo wa wosewera ngakhale luso lake lisanasinthe.

Msinkhu ndi kontrakiti ndizo zoyamba kuziwerengera. Bill James, katswiri wa ziwerengero za masewerawa, anasonyeza kuti osewera ambiri amafika pachimake ali ndi zaka pafupifupi 27, pomwe malamulo a MLB amapatsa wosewera ufulu wopita kulikonse akakwanitsa zaka 6 mu ligiyo. Choncho wosewera amene wadutsa zaka 30, yemwenso kontrakiti yake yatsala miyezi yochepa, amatsika mtengo sabata iliyonse, ndipo n'chifukwa chake Branch Rickey, yemwe anatsogolera St. Louis Cardinals ndi Brooklyn Dodgers, ankati kugulitsa wosewera chaka chimodzi nthawi isanakwane kumaposa kuchedwa ndi chaka chimodzi.

Mwezi wa Julaye ukafika, matimu amakhala atagawikana pawiri: amene akununkhiza chikho amafuna thandizo la lero, pomwe otsalira amafuna achinyamata a mawa. Mu 1987, Detroit Tigers inapereka John Smoltz, mnyamata wa zaka 20, ku Atlanta Braves posinthana ndi woponya mpira wokhwima Doyle Alexander, yemwe anapambana masewero 9 osagonjako mpaka Tigers inatsogola m'chigawo chake. Kwa Detroit, fodya anali wa pamphuno, wa pachala anali wa mphepo, komabe Smoltz anatumikira Braves kwa zaka pafupifupi 20 ndipo mu 2015 analowa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a masewerawa. Wogulitsa amene amadikira mpaka ogula awiri kapena atatu atapanikizika ndi tsiku lotsekera amalandira zambiri kuposa amene amatsatsa mu Epulo, pamene timu iliyonse ikadali ndi chiyembekezo.

Chosiyana m'maligi a pakompyuta n'chakuti zotsatira zimachokera ku manambala a luso ophatikizana ndi mwayi, motero womenya mpira amene wachita zodabwitsa kwa masabata asanu ndi limodzi, manambala ake osasintha, kawirikawiri amabwerera pamlingo wake, ndipo nthawi yomugulitsa ndi imeneyo, mwayiwo usanathe. Komabe msika umenewu ndi waung'ono, popeza ogula amakhala anthu omwewo chaka ndi chaka, ndipo m'maligi ambiri woyang'anira ali ndi mphamvu zoletsa kusinthana kokondera mbali imodzi. Bwana amene wadyera anzake masuku pamutu amapeza kuti Julaye wotsatira mauthenga ake sakuyankhidwa, pomwe amene amagulitsa panthawi yake ndiponso pamtengo woyenera ndiye woyamba kufunsidwa ogula akapanikizika.