Kugula N'kosavuta, Kubweza N'kovuta

M'makomo mwathu ambiri muli mwana amene amabwereka foni ya mayi kapena ya bambo kuti asewereko gemu. Ena amakonda Free Fire, PUBG Mobile kapena mpira wa eFootball, ndipo kumene kuli kompyuta kapena PlayStation timamvako maina ngati Fortnite, Roblox ndi FIFA. Makolofe timadandaula za bandulo yosachedwa kutha, homuweki yosalembedwa ndi tulo tochedwa kubwera. Koma pali funso lina limene sitifunsa kawirikawiri: kodi kampani imene inapanga gemuyo imamutenga bwanji mwana wathu?

Magemu ambiri amatchedwa aulere, komabe eni ake amapeza ndalama zankhaninkhani. Ndalamazo zimachokera m'kati mwa gemu momwemo, momwe amagulitsamo zovala za anthu a m'gemu, zida, magule ndi osewera mpira. Choncho mwana akamasewera amakhala ali m'sitolo. Wogulitsa pagolosale yapafupi timamudziwa ngati sikelo yake ili yolungama ndiponso ngati amalandira katundu wowonongeka tikamubwezera. Mwini sitolo ya m'foniyi nayenso tiyenera kumudziwa khalidwe lake.

Mlandu wa Fortnite

Pa 19 Disembala 2022, bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission kapena kuti FTC, linalengeza kuti kampani ya Epic Games, imene imapanga Fortnite, yavomera kulipira madola 520 miliyoni. Madola 275 miliyoni anali chindapusa pa mlandu wosonkhanitsa mbiri ya ana osakwana zaka 13 popanda chilolezo cha makolo awo. Madola 245 miliyoni otsalawo anali oti abwezedwe kwa makasitomala amene analipiritsidwa zinthu zimene sanafune kugula.

Zimene FTC inalemba m'dandaulo lake zikutiphunzitsa zambiri. Kukhudza batani limodzi kunali kokwanira kuti munthu agule chinthu, popanda kufunsidwa ngati watsimikizadi. Mabataniwo anali oikidwa mosokoneza, moti munthu ankatha kulipiritsidwa pamene akungoyatsanso gemu imene inaima, pamene gemu ikutseguka, kapena pamene chala chaphonya pang'ono n'kukhudza batani loyandikana nalo pofuna kungoona chovala. Mpaka chaka cha 2018, khadi la kubanki likangolembetsedwa kamodzi, mwana ankatha kupitiriza kugula kholo osafunsidwa kalikonse.

Anthu anadandaula. FTC inati madandaulo oposa 1 miliyoni ananyalanyazidwa, ndipo antchito ena a kampaniyo nawonso ankachenjeza akuluakulu awo za vutoli. M'malo mokonza, kampaniyo inaika malo othetsera kugula ndi opemphera kubwezeredwa ndalama pobisika, kuti anthu avutike kuwapeza. Kholo likapita kubanki yake kukatsutsa ndalama zimene zadulidwa, akaunti inkatsekedwa, ndipo zonse zimene zinagulidwa kale zinkatsekeredwa momwemo, ngakhale zogulidwa mwadongosolo. Amene awatsegulira ankawachenjeza kuti akadzatsutsanso adzawatsekera mpaka kalekale.

Panalinso nkhani ina yoposa ndalama. Njira yolankhulirana ndi mawu ndiponso yolemberana inali yotsegula kale gemu ikangoyamba, ndipo ana ankaphatikizidwa ndi anthu osawadziwa. Ena ananyozedwa, kuopsezedwa ndi kumva zinthu zosayenera msinkhu wawo. Malinga ndi FTC, antchito a kampaniyo anayamba kupempha kuti zimenezi zisinthe kuyambira mu 2017.

Epic inasintha zingapo. Tsopano munthu amayenera kusindikiza batani kwa kanthawi kuti agule, ndipo akaunti ya mwana wamng'ono sigula kapena kucheza ndi ena mpaka kholo livomere. Mu Disembala 2024, FTC inatumiza gawo loyamba la ndalama zobweza, madola oposa 72 miliyoni. Koma tionepo zinthu ziwiri. Zosinthazo zinabwera patapita zaka anthu akulira, ndipo ndalama zobwezazo zinali za okhala ku America. Banja la ku Lilongwe kapena ku Chipata limene linataya ndalama mwa njira yomweyo silinali pa mndandandawo.

Ndalama zosaoneka ngati ndalama

Njira ina imene makampaniwa amalankhulira ndi makasitomala ndiyo kubisa mtengo. Zinthu za m'gemu sizilembedwa mtengo wake m'madola kapena m'makwacha. Munthu amayamba wagula ndalama za gemuyo, zimene mu Fortnite amazitcha V-Bucks, mu Roblox Robux, mu PUBG Mobile UC, ndipo mu Free Fire ndi miyala ya dayamondi. Kenako ndi zimenezo amagulira chovala. Mwana akaona nambala 800 pafupi ndi kachithunzi konyezimira, m'mutu mwake simubwera shuga kapena makope a kusukulu amene ndalamayo ikanagula. Kawirikawiri ndalamazi zimagulitsidwa m'milu imene sigwirizana ndi mitengo ya katundu, moti pamatsala tochepa tosakwana kugula kanthu, ndipo totsalato n'timene timakoka munthu kuti akawonjezere.

Mu Januwale 2025, kampani imene imafalitsa gemu ya Genshin Impact inavomera kulipira madola 20 miliyoni ku FTC. Umodzi mwa milandu yake unali wakuti inkasokoneza osewera powasinthitsa ndalama kangapo, kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina, mpaka osadziwanso kuti awononga zingati.

Pamwamba pa zimenezi amaikapo wotchi. Mu Meyi 2024, bungwe loteteza ogula la ku Netherlands linalipiritsa Epic mayuro oposa 1 miliyoni chifukwa cha mawu okakamiza ana kugula msanga ndi mawotchi osonyeza kuti katundu watsala pang'ono kuchoka m'sitolo, pamene wina ankapezekabe nthawiyo itatha. Mwana amene akuopa kuti anzake onse agula iye yekha atsalira saganiza mofatsa, ndipo ngakhale tulo sagona bwino.

Juga yopatsidwa dzina lina

M'magemu ambiri mumagulitsidwa mabokosi amwayi. Munthu amalipira asanadziwe zimene zili m'kati. Mu gemu ya mpira, bokosi lingatulutse katswiri wotchuka kapena osewera wamba amene wogulayo ali nawo kale. Likatuluka lopanda phindu, mtima umati mwina lotsatiralo. Aliyense amene anaonapo munthu akutha malipiro ake pa kubetcha mpira akudziwa mmene mtima umenewu umayendera.

Mu Epulo 2018, bungwe loyang'anira juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi olipira a m'magemu a FIFA 18, Overwatch ndi Counter-Strike: Global Offensive ndi juga. Kampani ya Electronic Arts, imene inkapanga FIFA, poyamba sinagwirizane nazo, koma mu Januwale 2019 inasiya kugulitsa ndalama za m'gemuyo m'dzikolo. Mu Juni chaka chomwecho, mkulu wina wa kampaniyi, Kerry Hopkins, atafunsidwa ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, ananena kuti iwo sawatcha mabokosi amwayi koma njira zodabwitsira osewera, ndipo anawafanizira ndi mazira a chokoleti a Kinder amene mumakhala kachidole m'kati. Komitiyo sinakhutire. Mu Sepitembala inalangiza boma kuti mabokosi otere aziyang'aniridwa ndi lamulo la juga. Boma la Britain silinatero. Mu 2022 linasiyira makampani eni ake kuti adzikonze.

Mpingo wathu wakhala ukutiphunzitsa kupewa juga ya mtundu uliwonse, ndipo ambiri a ife sitingalole mwana kulowa m'nyumba yobetcheramo. N'chifukwa chake tisamapusitsidwe ndi dzina. Ngati munthu akulipira ndalama yeniyeni kuti ayese mwayi, chizolowezi chimene chikumera mumtima mwake ndi chomwecho, kaya bokosilo lili ndi dzina lokoma chotani.

Zimene tagula si zathu

Pali mawu enanso amene tanthauzo lake linasintha mwakachetechete, ndiwo akuti kugula. Gemu ya mpikisano wa magalimoto yotchedwa The Crew, ya kampani ya Ubisoft, inatuluka mu 2014. Mu Disembala 2023 anaichotsa pamsika, ndipo kumapeto kwa Malichi 2024 anazimitsa makompyuta amene ankaiyendetsa. Pa nthawiyo palibe amene akanathanso kuisewera, ngakhale amene anali ndi chimbale chake m'nyumba. Makasitomala ena atapita kukhoti, maloya a kampaniyo anayankha kuti anthuwo sanagule gemu koma chilolezo choisewera. Dera la California linakhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2025, lokakamiza ogulitsa kunena poyera ngati chimene akugulitsa ndi chilolezo chabe.

Ana athu afunika kumva zimenezi. Chovala cha m'gemu chimafanana ndi nyumba ya lendi. Mwini wake akatseka gemu kapena akaunti, palibe chimene wolipirayo amanyamula.

Alipo amene amakonza

Sitikunena kuti makampani onse ndi ofanana kapena kuti gemu iliyonse ndi msampha. Mu 2016, gemu ya No Man's Sky inatuluka ilibe zinthu zambiri zimene anthu ankayembekezera malinga ndi zimene opanga ake ananena. Kampani yaing'ono imene inaipanga, Hello Games ya ku England, inakhala chete kwa miyezi ingapo, kenako inayamba kuwonjezera zimene zinasowazo, ndipo yachita zimenezi kwa zaka zambiri osalipiritsa. Mu Disembala 2020, gemu ya Cyberpunk 2077 inatuluka ndi zolakwika zambiri moti Sony inaichotsa m'sitolo yake n'kubwezera ndalama amene anapempha. Inabwereramo mu Juni 2021 itakonzedwako. Sitolo ya Steam ili ndi lamulo lomveka: munthu angabweze gemu pasanathe masiku 14 ngati sanaisewere maola oposa awiri.

Pa zitsanzo zonsezi tikuona kuti kalata yopepesa ndi yotsika mtengo, kampani iliyonse ingalembe. Khalidwe lake lenileni limaoneka pa mafunso atatu. Kodi imanena mtengo weniweni? Kodi njira yobwezera ndi yosavuta ngati yogulira? Ikalakwa, imakonza yokha kapena imadikira chindapusa?

Zimene tingachite pakhomo

Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Popeza mabungwe amene amalanga makampaniwa ali kutali, chitetezo chachikulu cha ana athu chili m'nyumba mwathu.

Choyamba, tisasiye khadi la kubanki lili lolembetsedwa m'foni kapena m'makina amene ana amaseweretsa. Pa Google Play ndi pa App Store pali malo osankha kuti nambala yachinsinsi izifunsidwa nthawi iliyonse pogula. Nambala ya ndalama za pafoni nayonso ikhale ya makolo okha.

Chachiwiri, tiziona gemu isanalowe m'foni. Sitolo imalemba ngati m'kati mwake muli zogulitsa, ndipo kuyambira 2020 mabungwe opereka misinkhu ya magemu ku America ndi ku Ulaya amalembanso ngati muli zogula zamwayi. Gemu yotere tikhoza kuikana popanda mkangano, monga mmene timakanira juga ina iliyonse.

Chachitatu, titseke njira yolankhulirana ndi anthu achilendo, makamaka kwa ana aang'ono.

Chachinayi, mwana akapempha kugula kanthu, tikhale naye pansi ndi kuwerengera mtengowo m'makwacha. Tiuyerekeze ndi chinthu chimene akuchidziwa, monga buledi kapena mtengo wa minibasi. Kenako tidikire tsiku limodzi. Zambiri zimene zinkaoneka zofunika usiku sizikumbukikanso m'mawa, ndipo wotchi ya m'sitoloyo imatha mphamvu.

Chachisanu, ndalama zikadulidwa mosayembekezereka, tisunge uthenga wa lisiti ndipo tilembere sitolo kapena kampaniyo msanga, popeza nthawi yopemphera kubwezeredwa imakhala yochepa. Mwanayo tisamukalipire mpaka kuchita mantha. Tikumbukire kuti mabatani a Fortnite aja ankapusitsa ndi akuluakulu omwe. Mwana amene wakalipiridwa kwambiri amadzabisa ulendo wina, ndipo chobisika chimakula.

Tiyang'anenso thanzi lake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika vuto la kulephera kusiya magemu pa mndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika gemu patsogolo pa zinthu zina zonse, ndi kupitiriza ngakhale zikuwononga sukulu, ntchito kapena ubale, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Ndi osewera ochepa amene amafika pamenepo, koma tikaona tulo, chakudya ndi maphunziro zikusokonekera, tisachedwe kufunsa achipatala.

Koposa zonse, tipeze mpata wokhala pafupi ndi mwana pamene akusewera, timupemphe atisonyeze sitolo ya m'gemu yakeyo. Timufunse kuti chinthu ichi n'chandalama zingati, chifukwa chiyani pali wotchi, nanga pobwezera ndi pati. Mwana amene waphunzira kufunsa mafunso amenewa ali ndi zaka 10 adzawafunsanso akadzakula, pamene wina adzamubweretsera ngongole ya pafoni kapena malonda olonjeza phindu lamsanga.